Basi Yotopa Isanasanduke Nyumba: Yambani ndi Mpweya, Matabwa Pambuyo

Basi ikatopa pamsewu siitha tsiku lomwelo. Injini imafa, matayala amaphwa, mipando imazulidwa n'kukagulitsidwa, koma chigoba chake chimatha zaka chili chiimire. Mukayenda m'magalaja a ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, ku Biwi kapena ku Kanengo, mudzaziona zigoba zotere, zina zitamera udzu kunsi, zina zitasanduka mosungira katundu, zina wina atapachikamo nsalu pazenera n'kumagonamo.

Maganizo ogona m'basi si achilendo kwenikweni. Lendi mumzinda imakwera chaka ndi chaka, simenti ndi malata nazo sizitsika. Munthu akayang'ana chigoba cha basi amaona denga, makoma, mazenera ndi chitseko, zonse zilipo kale. Amati chatsala ndi bedi, kabati ndi tebulo basi, ndipo zimenezi angathe kukhoma yekha Lamulungu lililonse mpaka ntchito itatha. N'zoona, munthu wa sowo, nyundo ndi mtima wodekha angathe. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Basi ndi bokosi lachitsulo lomwe adalipangira anthu okhala pampando maola ochepa, mazenera ali otsegula, mphepo ikuwomba. Sadalipangire banja logona usiku wonse litatseka. Amene akufuna kulisandutsa malo okhala ayambe waganiza za mpweya, kutentha, chinyezi ndi moto. Ukalipentala ubwere pambuyo, kudzatumikira zimenezi.

Zigoba zimene tili nazo

Achikulire akukumbukira mabasi a United Transport Malawi, omwe aliyense ankangoti a UTM. Mu 1989 kampaniyo idagulidwa ndi Stagecoach ya ku Scotland, ndipo mu 1997 idapita m'manja ena n'kukhala Shire Bus Lines, yomwe idadzagwa patapita zaka. Chiyambire m'zaka za m'ma 1990, misewu yathu idadzaza ndi maminibasi ndi mabasi apakatikati ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan: Toyota HiAce, Nissan Caravan, Toyota Coaster, Mitsubishi Rosa. Zigoba zimene mungapeze lero n'zochokera m'mibadwo yonseyi, ndipo kukula kwake n'kosiyana kwambiri.

Basi yaikulu imatalika mamita 11 kapena 12, m'lifupi pafupifupi mamita 2.5. Coaster imatalika pafupifupi mamita 7, m'lifupi mamita 2, ndipo munthu wamsinkhu wapakati amaimiriramo. HiAce wamba safika mamita 5 ndipo simungaimiriremo, choncho imayenera kukhala yogonamo paulendo, osati yokhalamo.

Kumaiko ena ntchito imeneyi ndi yofala. Ku America mabanja amagula mabasi achikasu amene adapuma ntchito yonyamula ana asukulu, n'kuwakonza okha kukhala nyumba zoyenda. Ngakhale kuno ku Lilongwe timaziona galimoto za alendo oyenda pamtunda kuchokera ku Cairo kapena Nairobi kupita ku Cape Town, zitaima m'malo ogona alendo ku Area 3. Mukasuzumira m'kati mwake mudzaona zinthu zitatu: chilichonse n'chopepuka, chilichonse n'chomangidwa ndi mabawuti, ndipo padenga pali potulukira mpweya. Eni ake adaphunzira zimenezi m'misewu yamabampu yonga yathu yomweyi.

Iyenda kapena iima?

Yankhani funso ili musanagule thabwa ngakhale limodzi, chifukwa ntchito yonse idalira pamenepa.

Ngati basiyo idzayendabe, yoti banja lizipita nayo kumudzi, kunyanja ku Salima kapena kumsonkhano wa misasa, ndiye kuti ikadali galimoto pamaso pa lamulo. Ifunika satifiketi ya COF ndi inshuwalansi monga galimoto ina iliyonse. Pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafotokoze zimene mukufuna kusintha musanadule chitsulo kapena kuzula mipando, kuti mapepala adzagwirizane ndi galimotoyo. Kumbukiraninso kuti galimoto ikamayenda aliyense akhale pampando womangidwa bwino wokhala ndi lamba. Bedi ndi la pamene mwaima.

Ngati basiyo idzaima pamalo amodzi, kuseri kwa nyumba, ndiye kuti yasanduka chomangidwa. Lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna chilolezo pa zomanga m'mizinda, ndipo ku Lilongwe nkhani zimenezi zimadzera ku khonsolo ya mzinda. M'madera a mapuloti aakuluakulu monga Area 10, Area 12 ndi Area 43 muli malo okwanira kuimikapo basi, koma ndi momwenso malamulo a kamangidwe amatsatidwa kwambiri. Ngati muli pa lendi, mwini nyumba ayenera kuvomera. Safunsa adadya phula: n'zopweteka kuthera miyezi 6 mukukhoma kenaka n'kulandira kalata yoti muchotse.

Ganizirani za chimbudzi ndi bafa pachiyambi pomwe. M'basi yoima, njira yaukhondo ndi yosavuta n'kugwiritsa ntchito chimbudzi cha panja chomwe chilipo kale, chosatalikira, chofikika ngakhale usiku kukugwa mvula.

Yesani chigoba musanachikhulupirire

Tengani tochi ndi sikuludiraiva, mulowe kunsi. Gogodani zitsulo zonyamula pansi, makamaka pafupi ndi matayala ndi pamasitepe a pakhomo, pomwe madzi ndi matope zimakhalitsa. Dzimbiri lapamwamba limapalika. Koma ngati sikuludiraiva ikubowola chitsulo, pamenepo pafunika wowotcherera, osati penti. Zulani mphasa yarabala yapansi muone zomwe yabisa. Mabasi ambiri akale pansi pake ndi pulayiwudi, ndipo nthawi zambiri amakhala atawola m'mphepete.

Kenaka wina akwere pamwamba ndi paipi kapena ndowa, athire madzi padenga ndi m'mphepete mwa mazenera, inu muli m'kati mukuyang'ana. Paliponse podontha lembanipo ndi choko. Tsekani malo onsewo mvula ya Disembala isanabwere, chifukwa mukadzaphimba ndi matabwa simudzaonanso podontha. Mudzangomva fungo la chuku ndi ana akutsokomola.

Ngati basi siidzayendanso, makaniko achotse thanki ya mafuta, mabatire akale ndi oilo yense. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa mpweya wa mafuta wotsaliramo umaphulika ukakumana ndi ntheche za moto wa gilainda kapena wowotcherera. Mukatero, kwezani chigobacho pa zipilala za njerwa kapena konkire, chikhale cholunjika bwino, kunsi kuzipita mphepo. Musasiye thabwa, masitepe kapena mulu wa nkhuni zikulumikiza nthaka ndi basi, chifukwa umenewo ndi mlatho wa chiswe. Matayala otsala musawasiye akusunga madzi. Ndi moswanirana udzudzu.

Kutentha kwa Okutobala, kuzizira kwa Juni

Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nyengo zake ziwiri zimazunza chitsulo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30 pamthunzi. M'galimoto yotseka yomwe ili padzuwa kumatha kupitirira madigiri 50. Kutentha kotere kumapha, makamaka makanda, okalamba ndi odwala. Mu Juni ndi Julaye zinthu zimatembenuka: usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo chitsulo chimazizira ngati mwala wa mumtsinje.

Chida choyamba cholimbana ndi dzuwa ndi mthunzi. Basi yoima imangireni denga lachiwiri la malata kapena udzu, losiyana ndi denga lake ndi mpata wa masentimita 30 kapena kuposa, kuti mphepo izidutsa pakati. Denga limeneli limatchinganso mvula ndipo mukalitalikitsa mbali imodzi limakupatsani khonde. Basi yoyenda pakani denga lake penti yoyera, yomwe imabweza dzuwa.

Chachiwiri n'chotchinga kutentha pakati pa chitsulo ndi matabwa a m'kati. M'masitolo a zomangira mumapezeka pepala lonyezimira loika kunsi kwa malata, ubweya wagalasi, ndi mabodi a thovu loyera. Pepala lonyezimira limagwira ntchito pokhapokha patakhala mpata wa mpweya kutsogolo kwake. Ubweya wagalasi umayabwa ndipo fumbi lake si lopuma, choncho valani magolovesi ndi chotchinga mphuno. Thovu loyera limayaka msanga ndi utsi wakupha, motero liphimbidwe lonse, litalikirane ndi mawaya ndi malo ophikira.

Chachitatu, chomwe n'chachikulu kuposa zonse, ndi mpweya woyenda. Mpweya wotentha umakwera. Ikani zibowo zolowera mpweya m'munsi mwa khoma ndi zotulukira padenga kapena pamwamba penipeni, mbali zosiyana za basi. Zibowo zimenezi zikhale zosatsekeka, kuti ngakhale usiku wozizira munthu asazitseke. Ziphimbeni ndi waya wa sefa, pamodzi ndi mazenera onse otseguka, kuti udzudzu usalowe, ndipo pokonza bedi siyani malo opachikapo neti.

Zibowozi zimachotsanso chinyezi. Munthu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa madzi opitirira kapu imodzi kudzera m'mpweya ndi m'thukuta. Anthu 4 m'basi yotseka mu Juni amadzuka denga likudontha ngati kwagwa mvula. Madzi amenewo amalowa kuseri kwa matabwa, chitsulo n'kuchita dzimbiri, matabwa n'kuchita chuku, ndipo wodwala mphumu ndiye amayamba kuvutika.

Mbaula isalowe

Apa tinene mosapsatira. Mbaula ya makala isalowe m'basi, kaya n'kuphikira, kaya n'kuwotha, ngakhale makala atafiira opanda utsi. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, suyabwa m'maso. Ukalowa m'magazi umagwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, ndipo thupi limayamba kubanika munthu asakudziwa. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe ambiri amaziyesa malungo. Amene ali m'tulo samva chilichonse, amangopitirira. Nyumba ya njerwa ili ndi mipata kudenga ndi kunsi kwa zitseko, komabe anthu amafera m'menemo nyengo yozizira. Nanga bokosi lachitsulo lokhala ndi marabala m'mazenera?

Anthu angapo ogona malo amodzi akadzuka onse mutu ukupweteka, atulutseni panja msanga, tsegulani paliponse, ndipo thamangirani nawo kuchipatala. Auzeni achipatala kuti munali moto wa makala. Jenereta nayonso ikhale kutali ndi mazenera, ndipo injini ya basi isamalire anthu akugona.

Khitchini yabwino ya basi ndi ya panja, pakhonde. Ngati muphikira gasi m'kati, silinda ikhale m'kabokosi kakekake kotsegukira panja, kokhala ndi chibowo pansi, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akamatuluka amadikha pansi ngati madzi. Zenera likhale lotsegula nthawi yonse yophika, ndipo khoma loyandikana ndi moto liphimbidwe ndi lata. Makandulo ndi koloboyi alowedwe m'malo ndi nyali za sola.

Mabasi ambiri ali ndi khomo lothawira pangozi. Musalitseke ndi kabati kapena bedi. Ndipo poopa akuba musawotcherere zitsulo pamazenera onse. Siyani limodzi kumbali yogona lomwe limatseguka kuchokera m'kati popanda kufunafuna kiyi mumdima. Pakhomo pakhale chozimira moto kapena ndowa ya mchenga.

Kusankha matabwa

Tsopano tafika pa matabwa. Ntchito yambiri ya m'basi imafuna paini, chifukwa ndi wopepuka, wofewa podula ndiponso wotsika mtengo. Paini wambiri wa m'misika yathu amachokera m'nkhalango zobzalidwa monga Chikangawa ku Viphya, komwenso kampani ya Raiply imapanga pulayiwudi ndi bulokubodi. Ku Mchesi, komwe akalipentala a mumzinda uno adachulukana, mungapeze matabwa ndiponso amisiri okupalirani ndi kukudulirani pa makina, zomwe zimapulumutsa masiku ambiri kwa munthu wa zida zapamanja.

Vuto la matabwa a pamsika ndi kusauma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja ndipo utuchi wake umamata pasowo. Mukalikhoma lero, pakatha miyezi 2 lapindika, zitseko za kabati sizikutsekekanso. Gulani msanga, muwasanje pamthunzi, pakati pake muike timitengo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsendereze ndi cholemera, adikire milungu ingapo.

Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola koma yolemera, yodula, ndipo ikutha m'nkhalango zathu. Ngati muli ndi chitseko chakale kapena bedi lothyoka la mitengo imeneyi, dulanimo thabwa la patebulo kapena zogwirira. Mkungudza wa ku Mulanje usiyeni. Watsala pang'ono kutheratu. Mabodi a utuchi wopanikiza, monga chipboard ndi MDF, amafufuma akanyowa, amalemera, sagwira sikuluwu pamalo ogwedezeka, ndipo guluu wake amatulutsa mpweya woyabwa m'maso ndi pakhosi, womwe umachuluka pamalo otentha ndi otseka. Pulayiwudi ndiye woyenera.

Matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala a chiswe ndi a panja, pamasitepe ndi pakhonde. Musaduliremo chakudya, ndipo zidutswa zake musasonkhere moto, chifukwa ena mwa mankhwalawo ali ndi poizoni wa arsenic. Oilo wakuda wa galimoto, yemwe ambiri amapaka pamitengo ya denga, asapakidwe m'chipinda chogona.

Kukhoma m'nyumba yopanda ngodya

Chodabwitsa choyamba kwa kalipentala wophunzira n'chakuti m'basi mulibe khoma lowongoka. Makoma amapindikira m'kati, denga ndi lokhota, pansi pali zitunda za matayala. Sikweya yokha siikwanira. Jambulani mzere pakati pa basi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo miyeso yonse iziyambira pamzere umenewo. Pofuna kudula bodi loti ligwirane ndi khoma lokhota, yambani mwadula katoni, muziyesa ndi kuchepetsa mpaka itakhala bwino, kenaka mujambule pabodi. Katoni ikalakwika mwataya katoni. Pulayiwudi akalakwika mwataya ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanakhome kanthu, jambulani chilichonse pansi ndi choko, muikepo makatoni m'malo mwa mipando, banja lonse liyendemo. Kanjira kapakati kasachepere masentimita 60. Matiresi a anthu awiri amakhala masentimita 137 m'lifupi ndi 188 m'litali, a munthu mmodzi 91 m'lifupi. M'basi yaikulu bedi limakwana chopingasa kumbuyo. Mu Coaster yezani kaye mutaika kale zotchinga m'makoma, chifukwa masentimita ochepa okha ndiwo amasiyanitsa.

Mafulemu a bedi ndi makabati apangeni ndi timatabwa ta thu-bai-thu, muwaphimbe ndi pulayiwudi wa mamilimita 6 kapena 9. Wa mamilimita 18 ndi wa pansi ndi pokhala pokha. Gwiritsani masikuluwu ndi guluu, osati misomali, chifukwa misomali imazuka ndi kugwedezeka ndiponso ndi kufutukuka kwa chitsulo padzuwa. Boolani kaye kabowo kakang'ono kuti paini asang'ambike. Mipando imangidwe ku nthiti zachitsulo za basi ndi mabawuti, osati ku lata lopyapyala la khoma. Nthiti zimenezi ndizo zimanyamula denga. Musadule ngakhale imodzi pofuna kukulitsa zenera. Musanaboole paliponse, onani kuseri: kungakhale waya, paipi ya mabuleki kapena thanki.

Pansi pa matiresi ikani timatabwa totalikirana zala 3, osati bodi lathunthu, kuti matiresi azipuma. Zitseko za makabati zibooleni timabowo. Ngodya zonse zisalazeni zikhale zobulungira, chifukwa pamalo opanikizika mutu wa mwana umagunda paliponse.

Ngati basi idzayenda, kulemera n'kofunika kuwerengera. Bodi limodzi la pulayiwudi wa mamilimita 18, la masentimita 244 ndi 122, limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho mgolo wa malita 200 ndi wolemera ngati anthu akuluakulu 3. Zolemera zonse, madzi, mabatire ndi zida, zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, zogawidwa mofanana kumanja ndi kumanzere. Zikakhala pamwamba, basi imapendama pakona. Kabati iliyonse ikhale ndi loko wogwira, chifukwa pobuleka mwadzidzidzi poto amauluka ngati mwala.

Dzitetezeni pogwira ntchito

Maso ndi awiri okha. Valani magalasi podula chitsulo ndi pobowola, ndi chotchinga mphuno popala matabwa kapena penti. Penti yakale ya galimoto ikhoza kukhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana ngakhale utalowa pang'ono. Ipaleni itanyowa kuti fumbi lisauluke, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha. Pogula penti yatsopano sankhani yosungunula ndi madzi, ndipo musagonemo mpaka fungo litatheratu. Lata ladzimbiri likakuchekani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, mupite kuchipatala akaone ngati mukufunika katemera wa kafumbata.

Magetsi ndi gasi si ntchito yophunzirira. Magetsi a ESCOM akalakwika m'chigoba chachitsulo, basi yonse imagwira shoko, ndipo mwana wopanda nsapato woima panthaka yonyowa ndiye amakhala woyamba kuigwira. Itanani mmisiri wa chiphaso. Ngakhale pa sola ya mavoti 12, waya aliyense akhale ndi fyuzi, adutse m'paipi pomwe akuboola chitsulo, ndipo batire ikhale m'bokosi lotulutsira mpweya panja.

Adzagonamo ndani?

Musanayambe, khalani pansi ndi pepala muwonkhetse: mtengo wa chigoba, kuchikoka kufika pamalo, wowotcherera, denga lachiwiri, zotchinga, matabwa, penti, magetsi. Kenaka funsani mmisiri womanga mtengo wa chipinda chimodzi cha njerwa. Nthawi zina mudzapeza kuti chipindacho n'chotsikirapo, ndipo chidzakhalitsa. Basi imapambana pamene muli nayo kale, pamene mukufuna chinthu choti mudzasamuke nacho, kapena pamene mukufunadi nyumba yoyenda.

Pali chinthu china chofunika kuchinena m'makomo athu a m'mipanda. Kawirikawiri amene amaganiza zokonza chigoba si amene adzagonemo. Odzagonamo ndi mlonda, mtsikana wantchito, kapena mphwake wochokera kumudzi amene wabwera kudzaphunzira. Anthu amenewa sadandaula msanga. Kukazizira adzalowetsa mbaula mwakachetechete, kukatentha adzapirira. Choncho mwini nyumba ndiye ayenera kuganiziratu: zibowo zosatsekeka, mabulangete okwanira, malo ophikira panja, khomo lothawira, ndi kukhala nawo pansi kuwafotokozera chifukwa chake makala salowa.

Ntchito ikatha, iyeseni nokha. Khalanimo ola lathunthu masana a Okutobala. Gonanimo usiku wa Juni, m'mawa mukhudze denga muone ngati lanyowa. Zimitsani nyali, muyese kutuluka pakhomo lachiwiri mumdima. Ngati mwaona kuti mwana wanu wobereka simungamugoneke m'menemo, ntchito sidathe, ndipo mwana wa mnzanunso asagonemo.